Mpando Wakumbuyo

Mu shopu ya Atelala mudali lamulo limodzi lomwe kasitomala aliyense ankalidziwa: nsalu siidulidwa tsiku lomwe yabwera. Kaya uli pachangu chotani, iwo ankakuyeza, n'kulemba ndi choko, n'kuipinda nsaluyo, n'kuiika pashelefu kuti igone. M'mawa mwake ankaitambasulanso, n'kuyezanso kachiwiri, kenako ndiye n'kugwira sizasi. Ndipo podulapo ankasiya kansalu kapadera m'mbali ndi kumpendero, kobisika m'kati.

"Thupi la munthu limasintha," ankatero, tepi yoyezera ili m'khosi. "Lero ndinu ochepa, mawa mwanenepa. Mukadzabwera ndidzamasula. Koma ndikadula yonse lero, ndidzamasula chiyani? Sizasi siidziwa kupepesa."

Zaka makumi atatu akulalikira mawu amenewa. Ndiye mukamva zomwe adachita munthu yemweyu imvi zili mbuu m'mutu, musaseke kwambiri, chifukwa manyazi ake akadali nawo mpaka lero.

Akazi awo adali mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale, ndipo aliyense ankangowatchula kuti Aphunzitsi, ngakhale amuna awo omwe akafuna kuwaseka. Awiriwa atangokwatirana kumene, tsiku lina adaima pasiteji kudikira basi, mvula ikuwakwapula, ambulera ndi imodzi. Pamsewu padadutsa njinga yamoto yaikulu, mabokosi m'mbali, mwamuna kutsogolo, mkazi kumbuyo atamukumbatira. Aphunzitsi adaitsatira ndi maso mpaka idazimirira.

"Amenewo ndiye akudziwa kukhala," adatero.

Atelala, poti chikondi chidali chikadali chotentha, adadziguguda pachifuwa. "Tsiku lomwe mudzapume ntchito, ndidzakutengani pageti la sukulu panjinga ngati imeneyo. Ana onse akuona."

Lonjezo limenelo lidasanduka nthabwala ya m'nyumba. Denga likadontha, Aphunzitsi ankati, "Ingosiyani, tidzathawa panjinga yanga ija." Akayambana n'kukhala masiku awiri osalankhulana, woyamba kufewa ankangofunsa za njingayo, basi mkangano watha. Koma nthabwala zina zimakhala ndi mizu. Mayi ameneyu sadapiteko kulikonse kongokasangalala. Tchuthi chilichonse chinkathera pa kuchonga makope, kuchapa, ndi kudwazika abale. Ndiye chaka chawo chopuma ntchito chitakwana, mwana wawo wamkazi, yemwe adakwatiwa kutali kuseri kwa mapiri, n'kubereka mdzukulu wawo woyamba, Atelala adaona kuti nthawi yoti nthabwala isanduke zoona yafika. Adapangana kuti mwambo wotsanzikana ukadzangotha kusukulu, ulendo udzayambira pageti pomwepo, wa kukaona khandalo.

Pokagula njingayo adatenga mlamu wawo, mchimwene wa Aphunzitsi, yemwe adali makaniko wa pakamwa posagona. Mwini njinga adali bambo wina wachikulire, wopuma ntchito yoyeza malo. Adawalowetsa m'galaja, n'kuvundukula chinsalu chomwe adafunditsa. Abale inu! Njinga yabuluu, yaitali, yonenepa pathanki, galasi lotchinga mphepo kutsogolo, mabokosi awiri m'mbali, mpando wautali wa anthu awiri. Idali yakale ndithu, penti itayamba kufwifwa, koma yosamalidwa ngati mwana mmodzi yekha.

Amakaniko sadatengeke ndi maonekedwe. Adayamba agwira injini kuti aone ngati mwiniwake sadaitenthetseretu pofuna kubisa matenda. Adagwada n'kukoka tcheni, adayang'ana matayala, adanunkhiza oilo. Itayaka, adatenga chitsulo chachitali, nsonga ina pa injini, ina kukhutu, n'kutsinzina ngati dokotala.

"Alamu, iyi ndi njinga," adatero potsiriza. "Zoterezi adazipangira zinthu ziwiri: liwiro likafunika lilipo, komanso anthu awiri mutha kuyenda tsiku lonse msana osadandaula. Ingosinthani matayala ndi mabuleki. Zina zonse musakhudze."

Atelala adali kumbuyo kwa njingayo, akudinikiza mpando ndi chikhatho. "Pamenepa munthu wamkulu angakhale bwinobwino? Mawondo sangamupweteke?"

Mwini njinga adawayang'ana nthawi yaitali. "Anyamata atatu abwerapo kale," adatero. "Onse funso lawo ndi limodzi: imathamanga bwanji? Ndawabweza. Inu ndinu oyamba kufunsa za mpando wakumbuyo. Pamenepo pankakhala mayi a kunyumba kuno, zaka khumi ndi ziwiri. Chimwalirireni ndidayesapo kamodzi kukwera ndekha, koma kumsana kunkandizizira. Tengani. Ndipo mukadzadutsa njira ya kumapiri ija, pamwamba penipeni pali malo oimapo. Mudzaime, muwaonetse mayi chigwa. Anga ankapakonda."

Atelala adagwira dzanja la bamboyo ndi manja awiri, n'kulonjeza.

Loweruka lotsatira adawakweza Aphunzitsi koyamba, kungozungulira pafupi. Poyamba mayiwo adagwiritsitsa chogwirira chakumbuyo, maso atatsinzina, akutchula mayina a makolo awo onse. Pobwerera adali atasiya chogwiriracho, manja ali m'chiuno mwa amuna awo, akuseka ngati mtsikana. Sabata yomweyo adakadzigulira helemeti yofiira, n'kuiika pamwamba pa kabati m'chipinda chogona. Atelala adawasokera jekete lochindikala, lansalu yabuluu yofanana ndi njinga. Nsalu imeneyo idagona masiku awiri asanaidule.

Kudatsala miyezi itatu. Njira ya kunyumba kwawo idali ya masitepe, choncho njinga inkagona kuseri kwa shopu. Aphunzitsi adatanganidwa ndi mayeso a teremu yawo yomaliza, ndipo Atelala, pomvera malangizo a mlamu wawo, ankatuluka okha Lamlungu masana kuti manja azolowere.

Kumalo omwetsera mafuta ndi kumene adakumana ndi tsoka lawo, litavala jekete lachikopa. Padali gulu la anyamata a njinga zothamanga, ndipo mtsogoleri wawo ankamutcha Chiphaliwali. Mnyamatayo adaizungulira njinga ya Atelala akuimba mluzu.

"Madala, mukudziwa chomwe mwakwerachi? Injini iyi ndi chilombo! Koma mwaiveka ngati ngolo. Mabokosiwa ndi a chiyani, mukusamuka?"

Anzake adaseka chikhakhali. Atelala nawo adaseka, koma mawuwo adawatsatira mpaka kushopu. Madzulo ake adaima n'kuiyang'ana njingayo, ndipo kwa nthawi yoyamba mabokosi aja adaoneka ngati katundu wa munthu wothamangitsidwa panyumba ya lendi. Adatenga sipanala. "Ndi mabawuti anayi okha," adadziuza. "Ulendo ukayandikira ndidzabwezera." Mabokosi adalowa pansi pa tebulo lodulira nsalu.

Lamlungu linalo anyamata adawalandira ndi m'manja. "Eee, madala ayamba kudzuka!" Adawatenga pagulu lawo, adawajambula pafoni, adawapatsa malo pakati. Ndipo apa ndiyenera kuwanenerako chilungamo Atelala. Munthu ameneyu adatha zaka makumi atatu atagwada pamapazi a amuna anzake, mapini ali kukamwa, akupinda mathalauza oti ena akatchene nawo. Suti zake zinkayamikiridwa zili pathupi la eni ake. Iye mwini palibe adamuchewukirapo pamsewu. Tsopano anyamata a msinkhu wa ana ake ankamuitana kuti "bigi," ankamufunsa maganizo. Kutamandidwa ndi mowa woipa kwa munthu amene sadaulaweko ali mnyamata.

Chotsatira chidali ekizozi, paipi yotulutsira utsi. Chiphaliwali adati ija yakale inkalira ngati makina osokera, ndipo mawu amenewo adawalasa Atelala penipeni. Adaikitsa ina yaifupi, yobangula, yoti ukailiza agalu a mzere wonse amayankha. Kenako galasi lotchinga mphepo, poti ati ndi la agogo, lidachoka, n'kubwera kakang'ono kakuda kosatchinga kanthu. Kenako mahandulo adatsitsidwa, kuti wokwera azigona pathanki ngati a mpikisano. Msana unkawawa, koma pachithunzi zinkaoneka bwino.

"Nanga zopondera zakumbuyozi?" adafunsa Chiphaliwali tsiku lina, akuzigogoda ndi nsapato. "Zikungolemetsa. Ndi chogwirirachi. Mumanyamula ndani, madala?"

Pamenepo pakamwa pa Atelala padayenera kutuluka mawu awiri okha: akazi anga. Koma anyamata asanu ndi mmodzi adali akuwayang'ana, akumwetulira.

"Palibe," adatero.

Zopondera zidachoka. Chogwirira chidachoka. Mpando wakumbuyo udachoka, pamalo pake n'kubwera kachivindikiro kapulasitiki kosongoka. Chilichonse chinkapita pansi pa tebulo lija, ndipo nyimbo idali yomweyo: ndi mabawuti okha, ndidzabwezera. Kunyumba Aphunzitsi akafunsa kuti bwanji masiku ano sakuwakwezanso, yankho lidali lokonzeratu: "Ikukonzedwa, mayi. Tikuikonzekeretsa ulendo."

Kutatsala masabata atatu, anyamata adakonza chionetsero cha njinga pabwalo loimikapo magalimoto, choti anthu adzasankhe yokongola koposa. Chiphaliwali adaima kumbuyo kwa njinga ya Atelala, adapendeketsa mutu.

"Chatsala chimodzi, bigi. Mchirawu watalika. Mukaudula apa, palibe angakuposeni."

Mchira umene ankanenawo ndi zitsulo zomwe zimachokera pansi pa mpando wa woyendetsa kupita kumbuyo. Ndi zomwe zimanyamula mpando wachiwiri, mabokosi, chogwirira, ndi zopondera. Atelala adapita nayo kwa mlamu wawo.

Amakaniko atatuluka m'galaja n'kuiona, adagwira pakamwa. "Alamu, njinga ija yagundidwa ndi chiyani?"

"Musayambe. Ndikufuna mundidulire apa."

"Ndidule? Mwapenga? Mlongo wanga adzakhala pati, pamutu panu?"

"Tidzawotcherera ulendo ukayandikira."

"Imeneyi si thalauza, alamu, yoti mudzamasula mpendero! Zina zonse mwachitazi ndi uchitsiru wa mabawuti, umabwezeka. Koma mukadula apa, mwadula. Inu nomwe simumati sizasi siidziwa kupepesa?"

Munthu ukamugwira ndi mawu ake omwe, m'malo mofewa amauma khosi. Atelala adapsa mtima. Adati njinga ndi yawo, adati amakaniko ena ukalamba wawalowa m'mutu, adailiza mwamphamvu n'kuchoka. Adapita kwa wowotcherera zitsulo wina wa kumapeto kwa msewu, munthu wosafunsa mafunso. Wowotchererayo adangoti, "Ndidule pati?" Ndipo Atelala, kalanga ine, adapisa m'thumba la malaya, adatulutsa choko chawo chomwe cha ku shopu, n'kulemba mzere ndi dzanja lawo. Sadayeze kawiri. Sadaigoneke. Makina odulira adalira, moto udathetheka, ndipo mphindi zisanu zisanathe mchira udagwa pansi. Wowotcherera adaukankhira ndi phazi pamulu wa zitsulo zotha ntchito.

Pachionetsero adapambanadi. Adawapatsa kachikho kapulasitiki kopaka golide, adawanyamula m'mwamba, mafoni ali waliwali. Kachikhoko adakabisa mu shopu kuseri kwa ulusi, chifukwa kunyumba sakadatha kufotokoza kuti adakapata bwanji.

Lolemba madzulo atafika kunyumba, adapeza Aphunzitsi ataima pagalasi, atavala jekete labuluu lija ndi helemeti yofiira, akudziyang'ana uku ndi uku.

"Bambo, ndikuoneka bwanji? Musaseke! Ndawauzatu onse kusukulu. Ahedi akuti ana adzandandalika mizere iwiri kuchokera pakhomo la ofesi mpaka pageti. Anzanga ena sakukhulupirira. Akuti amuna a masiku ano lonjezo la sabata yatha saliikumbuka, nanji la zaka makumi atatu. Ine ndawauza kuti anga si amuna a masiku ano."

Atelala adayang'ana kumbali. Chakudya cha tsiku limenelo sichidatsike.

M'mawa mwake adalawirira kwa wowotcherera uja. Mulu wa zitsulo udali utapita. Ogula zitsulo zakale adadutsa Loweruka lapitalo. Adabwerera kwa mlamu wawo, ulendo uno akuikankha njingayo pofika pafupi, kuti isamveke.

Amakaniko adayang'ana podulidwapo, adapukusa mutu. Sadaseke, ndipo kusaseka kwawoko kudapweteka kuposa chipongwe.

"Alamu, wotchererani zitsulo zina," adachonderera Atelala. "Zilizonse."

"Ayi. Pamenepa ndi pomwe pamanyamula munthu. Chowotcherera chingapirire pano, koma chikakathyokera kumapiri, amene adzagwe chagada pamsewu ndi mlongo wanga. Ine dzanja langa lisakhalepo. Mchira wina ndiitanitsa, koma njinga yakale ngati iyi, udzafika pakatha miyezi iwiri."

"Kwatsala masabata awiri."

"Ndikudziwa. Kauzeni lero. Ine sindikanena, si ine ndadula. Koma kauzeni akadali ndi nthawi yowauza anzawo."

Malangizo abwino, eti? Atelala adayesa katatu. Koyamba adatsegula pakamwa, Aphunzitsi n'kuwaonetsa tizovala ta khanda tomwe adagula, akufunsa ngati tikwane m'bokosi lakumanzere. Kachiwiri adapeza mayiwo akuimba kukhitchini, chinthu chomwe adasiya kalekale. Kachitatu adangoti, "Mayi, za njinga ija..." Aphunzitsi n'kutembenuka nkhope ili ngwee, iwo n'kumaliza kuti, "...ikuyenda bwino kwambiri." Manyazi ndi ngongole ya mtundu wina, ukamazengereza amabereka ana.

Ndiye adachita zomwe telala angachite. Adatenga nsalu yotsala ya jekete lija, adasoka khushoni yokongola, yamizeremizere, n'kuimangirira ndi malamba pamwamba pa kachivindikiro kapulasitiki. Maganizo awo adali oti angowanyamula kuchoka pageti kufika pokhota msewu, mamita ochepa okha, kenako akaime, akaulule zonse kopanda anthu. Nzeru za munthu amene madzi amufika m'khosi.

Tsiku lidafika. Mwambo udachitika m'mawa, ndipo cha m'ma teni Atelala adakhota kulowa mumsewu wa kusukulu. Ana adali atandandalikadi mizere iwiri, akuimba. Ekizozi ija itabangula, nyimbo idaduka. Ana aang'ono adatseka makutu, ena adathawira kumbuyo kwa aphunzitsi awo. Atelala adazimitsa injini msangamsanga, koma anthu onse adali atatembenuka kale, kuonerera bambo wa imvi atagona pathanki ngati chule.

Aphunzitsi adatulukira pakati pa mizere ija, jekete labuluu pathupi, helemeti yofiira m'khwapa, chikwama cha tizovala ta mdzukulu kudzanja. Anzawo ankalulutira pambuyo. Mlongo wawo, amakaniko, adali ataima pafupi ndi geti, maso ali pansi.

Mayiwo atafika pa njingayo, kumwetulira kudayamba kuzirala. Adayang'ana kumanzere kofuna kuika chikwama: palibe bokosi. Adazungulira mbali inayo: palibe. Adaganiza kuti mwina amuna awo ali ndi nzeru ina, adavala helemeti, adakweza phazi kufuna chopondera. Phazi lidaponda mphepo. Adatambasula dzanja kufuna chogwirira, dzanja lidagwira khushoni, ndipo khushoniyo idaterereka n'kulendewera m'mbali. Padaoneka kapulasitiki kosongoka, kakang'ono ngati chikhatho, ndipo pansi pake zitsulo ziwiri zodulidwa, mzere wa choko ukuonekabe.

Pabwalo ponse padangoti zii.

Aphunzitsi adavula helemeti pang'onopang'ono. Sadakweze mawu. Adafunsa motsitsa, momwe ankafunsira mwana amene wabwera wopanda kope.

"Bambo, nanga ine ndikhala pati?"

Atelala adafuna nthaka ing'ambike. Adayang'ana thanki, adayang'ana nsapato zawo. Ahedi adatsokomola. Mphunzitsi wina kumbuyo adanong'oneza mnzake, ndipo kunong'onako kudamveka bwalo lonse.

Chomwe chidawamaliza si kukalipa, chifukwa kukalipa kudalibe. Aphunzitsi adatembenukira anzawo, adamwetulira kumwetulira kwa pantchito, n'kunena mokweza kuti, "Pepani, njinga sinathe kukonzedwa. Koma abambo asunga lonjezo, abwera. Tiyeni tingojambulitsa." Adaima pambali pa njingayo, dzanja paphewa la amuna awo, helemeti m'manja, mpaka mafoni onse adatha kujambula. Munthu amene adamuchititsa manyazi pamaso pa sukulu yonse ndi yemwe adavula chitenje cha ulemu wake n'kuwafunditsa iwo.

Kenako mayiwo adati kwa mlongo wawo, "Achimwene, ndiperekezeni kudepoti. Basi ya masana ndiipeza."

Atelala adawatsatira. Kudepoti adayesa kulankhula, koma Aphunzitsi adangoti, "Mwana akutidikira. Inu bwerani pa njinga yanu." Mawu akuti "yanu" adawatchula bwinobwino, kuti amveke. Adakwera, adakhala mpando wakumbuyo kwenikweni, n'kuika helemeti pawindo lakumbuyo.

Ulendo umenewo Atelala sadzauiwala. Njinga yotha kupitirira galimoto iliyonse pamsewu idayenda maola asanu kumbuyo kwa basi yokalamba, ikumwa utsi. Sadayerekeze kupitirira. Mahandulo otsika aja adawathyola msana, manja adachita dzanzi, khosi lidauma. Mphepo, popanda galasi lija, inkawamenya pachifuwa, tizilombo tikuwafera pankhope. Ekizozi inkawaboola makutu. Chilichonse chomwe adachikonda Lamlungu lililonse chija chidawatembenukira tsiku limodzi. Ndipo nthawi yonseyi, kutsogolo kwawo, helemeti yofiira inkagwedezeka pawindo.

Atakwera phiri, adaona malo aja adanena mwini njinga: bwalo laling'ono m'mbali mwa msewu, kampanda kamiyala, chigwa chonse chili tambalala pansi, mitsinje ikunyezimira. Basi sidaime. Basi siimira chigwa. Adaona mutu wa akazi awo ukutembenukira kuwindo, kusuzumira pakati pa mitu ya anthu ena, kenako msewu udakhota. Pamenepo Atelala adalira m'helemeti mwawo, misozi yosatha kuipukuta poti manja onse adali pa mahandulo.

Kutsidya kwa phiri basi idaima kuti anthu awongole miyendo. Atelala adatsika panjinga movutika, atapindika ngati mbedza, n'kukhala pamwala. Aphunzitsi adatsika, adagula tiyi makapu awiri, adabwera n'kuwapatsa imodzi. Adakhala pamwala womwewo, koma motalikirako.

"Choyamba mudachotsa chiyani?" adafunsa.

"Mabokosi."

"Kenako?"

Atelala adatchula zonse, chimodzichimodzi, mwandondomeko yake. Ekizozi. Galasi. Mahandulo. Zopondera. Chogwirira. Mpando. Mchira. Adanenanso za anyamata aja, za kachikho kobisika kuseri kwa ulusi, ngakhale za tsiku lomwe adafunsidwa kuti amanyamula ndani, ndi yankho lomwe adapereka. Limenelo adalinena maso ali m'kapu.



"Mukadaigwetsa, kapena akadakuberani, bwenzi nditangoti ndi tsoka," adatero Aphunzitsi. "Koma miyezi itatu, bambo. Mumandichotsa pang'onopang'ono, lero poika katundu wanga, mawa poponda, mkuja pogwira. Ndipo madzulo aliwonse mumabwera kudzadya nane."

"Ndinkati ndidzabwezera, mayi. Chilichonse chinkaoneka chaching'ono."

"Inu? Inu amene nsalu ya munthu wosamudziwa mumaigoneka mpaka m'mawa musanaidule? Mlendo mumamusiyira kansalu m'mbali kuti mwina adzanenepa. Ine simudandisiyire ngakhale kampendero."

Dalaivala adaliza hutala. Aphunzitsi adatolera makapu onse awiri, adakabweza, n'kukwera. Atelala adatsala pamwala paja kanthawi, kenako adadzikoka, adakwera njinga yawo ya munthu mmodzi, n'kulowanso mu utsi.

Mdzukulu adamuona, adamunyamula, ngakhale msana sunkalola. Mchira watsopano udafikadi patatha miyezi iwiri, ndipo amakaniko adabwezera zonse zomwe zidali pansi pa tebulo, osanena liwu limodzi lachipongwe. Anyamata aja adaleka kuimba foni sabata yomwe mabokosi adabwerera. Njinga idakhalanso ya anthu awiri. Koma munthu amapuma ntchito kamodzi, ndipo ana a sukulu sangandandalikenso pageti. Chithunzi cha tsiku lija chidapachikidwa mu ofesi ya ahedi: mayi ataima pambali pa njinga yopanda malo ake, akumwetulira. Helemeti yofiira idabwerera pamwamba pa kabati. Loweruka lililonse Atelala amaitsitsa, amaipukuta fumbi, n'kufunsa ngati lero angapite kukaona chigwa chija. Aphunzitsi amayankha mwaulemu kuti, "Tiona, bambo." Mpaka lero akuonabe.

Mu shopu muja lamulo likadalipo, nsalu imagonabe isanadulidwe. Koma ulaliki uja udatha. Kasitomala akawakumbutsa kuti sizasi siidziwa kupepesa, Atelala amangozyolika, n'kupitiriza kuyeza. Adali ndi njinga yabwino m'manja, ndi munthu woti akwere naye, koma diso lidakana kukhazikika pa chimodzi. Akuluakulu adaziona kale zoterezi pomwe adati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.